Kudziwa gwero la vuto lobwera n'kuchoka lokha

Kompyuta imodzi ikamagawira zinzake intaneti, monga mwa njira ya Internet Connection Sharing imene Microsoft inaika mu Windows 98 Second Edition mu 1999, nthawi zina intanetiyo imangoima kwa kanthawi n'kuyambanso yokha, ndipo vuto lotere limadzutsa funso lakale la momwe munthu amadziwira chimene chachititsa chinthu. David Hume, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Scotland, analemba mu 1739 kuti maso amaona chochitika chikutsatira chinzake, koma saona mphamvu imene imazilumikiza. Wokonza amene wazimitsa rauta n'kuiyatsanso, intaneti n'kubwerera, amafulumira kukhulupirira kuti wathetsa vutolo, chikhalirecho mwina likanatha lokha pa mphindi yomweyo.

Karl Popper anaphunzitsa kuti lingaliro limayesedwa pofunafuna chimene chingaligwetse, ndipo pamenepa m'pamene wokonza amapeza pogwira. Mwachitsanzo, angaganize kuti vutolo likuchokera ku kukula kwa timagawo totchedwa mapaketi, m'mene uthenga wa pa intaneti umayendamo. Ethernet imanyamula mabaiti 1500 pa paketi imodzi, pamene PPPoE, njira yolumikizira imene makampani ambiri a DSL amagwiritsa ntchito, imanyamula 1492 okha, kotero kuti mapaketi aakulu ochokera ku makompyuta ogawiridwa amatha kutayika, masamba ena a pa intaneti n'kuima ena akutseguka. Lingaliro ili n'lolemekezeka chifukwa lingathe kugwa: lamulo la ping lotumiza paketi yaikulu yoletsedwa kugawika likadutsa bwinobwino, wokonza ayenera kutaya lingalirolo, ngakhale ankalikonda. Kungokhala chete kwa vuto kwa tsiku limodzi si umboni wakuti latha.