Safunsa anadya phula

Mwambi wakuti "Safunsa anadya phula" umachenjeza kuti munthu wodzidalira mopitirira muyeso amasiya uchi n'kudya phula, lomwe ndi zotsala za chisa cha njuchi uchi ukafinyidwa. Nzeruyi imakhudza kwambiri mlendo wodziyendetsera yekha galimoto, amene amatsika zitunda kuchokera ku Blantyre, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu ndi kudutsa minda ya nzimbe ya ku Nchalo, akulinga ku Chiromo, komwe Ruo amathira mu Shire. Madzi osefukira atadula njira pa Mtayamoyo, pafupi ndi Bangula, mu 1997, anthu anayamba kuwoloka pa bwato, motero woyenda wanzeru amayamba wafunsa eni dera, pakuti iwowo ndiwo amadziwa pamene madzi afika m'chaka cha ulendo wake.