Batire Likaphulika, Mlandu Ndi wa Yani?

Mu Meyi 2018, ku St. Petersburg, Florida, bambo wina wa zaka 38 anafa ndudu yake yamagetsi itamuphulikira kumaso. Inali ya mtundu wa mechanical mod, wopanda chotetezera chilichonse pakati pa batire ndi kawaya kotenthetsa.

Ena amati anasankha yekha. Inde, wosuta ali ndi udindo. Batire la lithiamu lotchedwa 18650, limene limaikidwa m'ndudu zoterezi, likadzaza limapereka mavoti 4.2, ndipo awiri olumikizidwa mondondozana amafika 8.4. Likakokedwa mphamvu mopyola malire, kapena kapulasitiki kolikuta kakang'ambika, limatha kutentha mpaka kuphulika.

Komabe munthu angasankhe bwanji mwaufulu atanamizidwa? Batire la Samsung 25R limapirira maampeya 20 mosalekeza, pomwe amalonda ena amakuta mabatire ofooka m'pulasitiki yatsopano n'kulembapo 40. Pa nkhani ya mlandu wotere, lamulo la m'Baibulo la pa Deuteronomo 22:8 linkafuna kuti womanga nyumba aike kampanda padenga, ndipo akapanda kutero, mlandu wa magazi unkakhala panyumba yake wina akagwa. Silinafunse ngati wogwayo anali wosasamala.

Wolemba nambala yabodza pabatire ali ndi mlandu waukulu kuposa wosuta amene anaikhulupirira.