“Galimoto ndi yanga, vuto lili pati?”



Masiku ano wachinyamata akangoilowetsa galimoto yake pa Songwe kapena pa Mwanza, sabata siitha isanakafike kwa anyamata okongoletsa. Kaya ndi Vitz, Passo, Sienta kapena Honda Fit, mndandanda wake ndi umodzimodzi: ma seat cover achikopa, chiwongolero chaching'ono ngati cha galimoto za mpikisano, sikirini yaikulu ya Android pa dashboard, timagetsi tabuluu kumapazi, ma mat okhuthala, ndi sipika yoti ikagunda magalasi azinjenjemera. Mukamufunsa, yankho lake ndi lalifupi: “Galimoto ndi yanga, ndalama ndi zanga, vuto lili pati?”

Funso limeneli si lopusa ayi, ndipo tisathamangire kuliyankha ndi ulaliki. Tiyeni tiliganizire bwinobwino.

Choyamba tivomereze kuti kukonda zokongola si tchimo. Munthu wakhetsa thukuta zaka zingapo, wasunga ndalama zake za halali, wagula kagalimoto kake, ndiye timuletse kusangalala nako chifukwa chiyani? Komanso zambiri zimene anthu amaika m'galimoto si zamatama, ndi zofunikadi. Mawailesi ambiri obwera ndi galimoto za ku Japan amagwira FM kuyambira pa 76 kulekeza pa 90 MHz, pamene ma station athu ali pakati pa 87.5 ndi 108. Ndiye amene wasintha wailesi sanalakwe, akungofuna kumva nkhani basi. Fumbi la mwezi wa October, matope a dzinja, ana otayira phala pampando, zonsezi ndi zifukwa zomveka zogulira ma cover ndi ma mat. Kamera yoonera kumbuyo ikhoza kupulumutsa mwana amene akusewera kuseri kwa galimoto. Choncho funso si lakuti tisinthe kapena tisasinthe. Funso ndi lakuti: ufulu wa mwini galimoto umathera pati?

Kuchipinda kwanu mukapaka penti yofiirira, amene savutika nayo ndi inu nomwe, amene avutike nayo ndi inu nomwe. Galimoto si choncho. Ndi chipinda chimene chimathamanga makilomita 100 pa ola chitanyamula anthu ena, ndipo zinthu zambiri zimene timaziona ngati zokongoletsa m'katimo zili ndi ntchito yobisika imene imaoneka tsiku limodzi lokha, tsiku la ngozi.

Tengani mpando. Pa galimoto zambiri zatsopanoko, mukayang'ana m'mbali mwa mpando wakutsogolo, cha kuchitseko, mupeza kachizindikiro kolembedwa kuti SRS AIRBAG. Kutanthauza kuti m'kati mwa mpandowo muli airbag, ndipo msoko wa pamenepo anausoka dala ndi ulusi woti uduke airbag ikamatuluka. Mukaphimba ndi cover yachikopa yosokedwa molimba mbali zonse, mwaitsekera khomo. Ikhoza kuchedwa, kapena kutulukira kolakwika. Ndipo airbag ilibe nthawi yodikira, imafufuma mofulumira kuposa kuphethira kwa diso.

Tengani chiwongolero. Pakati pake, pamene timaimbira hutala paja, ndi pamene pamakhala airbag ya dalaivala. Mukachichotsa n'kuikapo chaching'ono chokongola chija, airbag yapita nacho limodzi. Ngakhale timiyala tonyezimira timene ena amamata pa chizindikiro cha pachiwongolero si tamasewera. Mu 2023 bungwe loona za chitetezo cha pamsewu ku America, NHTSA, linachenjeza anthu kuti asamaike zimenezi, dalaivala wina atawonongeka diso pamene airbag inaphulika n'kumulasa ndi chokongoletsa chotere kumaso. Ndi chimodzimodzi ndi kansalu kaubweya, mabotolo a perfume ndi tizidole timene timayala pa dashboard, pamwamba penipeni pa airbag ya wokwera kutsogolo.

Mwina mukuti, “Koma ma mat okha, angalakwe chiyani?” Mu August 2009, kufupi ndi mzinda wa San Diego ku California, wapolisi wa pamsewu wina ankayendetsa Lexus ES 350 imene anabwerekedwa kugalaja pamene yake inkakonzedwa. Kumapazi kwa dalaivala anali ataikako mat ya galimoto ina yaikulupo. Mat ija inakola accelerator ili pansi, galimoto inathamanga kupitirira makilomita 160 pa ola, ndipo iye, mkazi wake, mwana wake wamkazi ndi mlamu wake onse anafera pomwepo. Munthu amene ntchito yake inali ya pamsewu tsiku ndi tsiku, analephera kuiimitsa. Pambuyo pake Toyota inaitanitsa galimoto pafupifupi 3.8 miliyoni ku America pa nkhani ya ma mat yomweyi. Ndiye taganizirani ife amene timasanjikiza ma mat awiri, yapamwambayo yosamangirira paliponse, ikungoseseraka pansi pa mabuleki.

Nanga kachitsulo kaja kogulitsidwa motchipa, kolowetsa pomangira lamba kuti alamu isiye kulira? Kameneko ntchito yake ndi imodzi yokha: kunamiza galimoto kuti mwamanga lamba pamene simunamange. Kugunda chinthu pa liwiro la makilomita 50 okha pa ola kuli ngati kugwa kuchokera pamwamba pa mamita pafupifupi 10. Lamba wogwira paphewa ndi m'chiuno amene tili nayeyu anamupanga ndi injiniya wa ku Sweden, Nils Bohlin, ndipo Volvo inayamba kumuika m'galimoto zake mu 1959. Kampaniyo inalola makampani ena onse kugwiritsa ntchito luso limeneli osawalipiritsa, poona kuti ndi nkhani ya moyo. Iwo anasiya phindu kuti anthu osawadziwa apulumuke, ife tikutulutsa ndalama m'thumba kuti tizimitse chitetezo chomwecho chifukwa kaphokoso kakutisowetsa mtendere. Zoona zimenezi?

Apa ndi pamene mawu oti “ndi yanga” akuyamba kuchepa mphamvu. Galimoto ndi yanu, inde, mapepala ali m'dzina lanu. Koma mayi anu akakhala pampando uja popita kuchipatala, nthiti zimene airbag ija inayenera kuteteza ndi zawo. Anzanu amene mwawatenga pochokera ku Jumu'ah sanakufunseni kuti, “Akhi, kodi mawaya a sipika anadutsa pa fyuzi?” Anangolowa, n'kutseka chitseko. Munthu wokwera Sienta ya matola sadziwa kuti malamba anawapanikizira pansi pa cover mpaka sakuonekanso. Onsewa akudalira chinthu chimene sangathe kuchiona, ndipo wodziwa ndi inu nokha. Imeneyi ndiye amanah: munthu kukusungitsa chinthu chake chifukwa wakukhulupirira. Timaiganizira amanah ikakhala ndalama za mzikiti kapena katundu wa mwana wamasiye, koma munthu wokwera galimoto yanu wakusungitsani thupi lake lonse.

Pali amene anganene kuti, “Imfa ndi ya Allah, tsiku likakwana lakwana, airbag kapena popanda airbag.” Zoona, palibe amene angawonjezere mphindi pa moyo wake. Koma munthu yemweyo usiku amakhoma galimoto yake ndi loko, ena mpaka kuika alamu ndi tracker. Pa nkhani ya akuba sanena kuti zolembedwa ndi zolembedwa. Bwanji tawakkul yathu imangotulukira pa moyo wa wokwera, osati pa batire ndi matayala? Tinaphunzira tonse ku madrasa kuti kuyedzamira kwa Allah kumayendera limodzi ndi kuchita mbali yako. Ndipo ngakhale mutati moyo wanu mukhoza kuuika pachiswe, zimene si zoona chifukwa nawonso munangosungitsidwa, za mnzanu mwaupeza kuti ufulu womusankhira?

Palinso munthu wina amene timamuiwala, chifukwa tsiku lokongoletsalo iye kulibe: amene adzagule galimotoyo kwa inu. Galimoto zathu zambiri zimadutsa m'manja atatu, anayi. Chiwongolero chikasinthidwa, pa dashboard pamayaka kagetsi ka airbag kosonyeza kuti pali vuto. Ndiye pali amisiri ena amene amaika ka resistor kuti kompyuta ya galimoto iziganiza kuti airbag ilipo, ena amangochotsa babu kapena kumata tepi yakuda kuseri. Kagetsi kazima, vuto lilipobe. Mipando yong'ambika kapena yoti inanyowapo ndi madzi osefukira imabisala pansi pa ma cover atsopano. Wogula akalowa, amva kafungo kabwino, aona zonyezimira, n'kulipira mtengo wa galimoto yabwinobwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tonse tikuidziwa nkhani ya Mtumiki (SAW) pamsika, pamene anapisa dzanja mu mulu wa chakudya chogulitsa n'kupeza kuti pansi pake ndi ponyowa, zouma zili pamwamba. Sanamudzudzule wogulitsa uja chifukwa chakuti chakudya chinanyowa, mvula si mlandu wa munthu. Anamudzudzula chifukwa chobisa. N'chifukwa chake m'malamulo a malonda a Chisilamu wogula ali ndi ufulu wobweza katundu akapeza chilema chimene chinabisidwa. Kugulitsa galimoto yopanda airbag si haramu. Kuigulitsa mutazimitsa kagetsi koulula zimenezo, n'kukhala chete, ndi pamene pali vuto. Ndipo apa chimene mwabisa si kutsika kwa mtengo kokha. Munthu uja adzanyamula banja lake akukhulupirira kuti ali ndi chitetezo chimene kulibe.

Kwa abale athu amene iyi ndi ntchito yawo, osoka mipando, oika mawailesi, amawaya: rizq yanu ndi ya halali, ndipo luso lanu ndi lofunika. Koma inu ndi amene mumadziwa zimene kasitomala sadziwa. Mukudziwa kuti waya wa amplifier wochokera ku batire umafunika fyuzi pafupi ndi batire pomwepo, apo ayi ukadzakhudzana ndi chitsulo ndi moto. Mukudziwa kuti kupotokola mawaya ndi manja n'kukulunga tepi si kulumikiza. Mawu oti “bwana anafuna okha” sakuchotserani udindo ngati simunawauze bwanawo chimene akutaya. Auzeni. Akakana, inu mwatula katundu wanu, ndipo pali ntchito zina zoyenera kungozikana, monga kuzimitsa kagetsi ka airbag pa galimoto imene ikupita kukagulitsidwa. Mutaya ganyu ya tsiku limodzi, koma dzina la mmisiri wonena zoona limayenda patali.

Wina anena kuti, “Zonsezi ndi za anthu a ndalama. Ife zida za original sitingazikwanitse.” Dandaulo limeneli ndi lomveka, zinthu zadula. Koma taonani bwino: zambiri zimene tatchulazi sizikufuna kuti muwonjezere ndalama, zikufuna kuti musawononge chimene chilipo kale. Chiwongolero chokhala ndi airbag munachilipira kale pogula galimoto. Lamba anabwera nayo. Kusiya mpata pa cover pamene pali chizindikiro cha airbag ndi nkhani yongomuuza telala. Kuchotsa mat yachiwiri ndi ulere. Zimene zimadya ndalama ndi zinazo. Ndipo tinene mosabisa: si zachilendo kuona galimoto ya sikirini yaikulu ndi timagetsi tamitundumitundu, koma matayala ake ali osalala ngati mphasa, mabuleki akulira. Israf si kugula chinthu chodula kokha. Ndi kuthiranso ndalama pa chimene anthu adzachione, n'kumana chimene chidzawasunge amoyo.

Ndiye musanapereke makiyi kwa okongoletsa, dzifunseni mafunso atatu. Kodi chimene ndikuikachi chikuchotsa, kutseka kapena kunamiza chitetezo chilichonse cha galimotoyi? Kodi wokwera atadziwa zimene ndachita, angakwerebe ndi mtima wokhazikika? Kodi tsiku logulitsa ndidzatha kumuuza wogula zonse popanda kumeza mawu? Ngati mayankho ali bwino, kongoletsani, sangalalani nayo, Allah akudalitsireni. Ngati funso limodzi likukuvutani kuyankha, ndiye kuti pamenepo ufulu wanu wafika m'malire a munthu wina.

Ndipo pali kayeso kakang'ono kamene aliyense angachite lero lomwe. Tembenuzani kiyi mpaka magetsi a pa dashboard ayake. Kagetsi ka airbag kayenera kuyaka kwa masekondi ochepa, kenako n'kuzima kokha. Kakapanda kuzima, pali vuto lofunika makaniko. Kakapanda kuyaka n'komwe, funsani chifukwa chake, makamaka ngati galimotoyo munagula kwa munthu. Kenako suzumirani kumapazi, muone ngati mat yanu ili yomangirira ndipo siikufika pa accelerator ndi buleki. Mukatero fufuzani malamba a kumbuyo, muwatulutse pamene anabisala.

Allah atiteteze pamsewu, ife ndi amene timawanyamula, ndipo atipange kukhala anthu osunga amanah ngakhale pamene palibe wotiona. Ameen.

Amene mumagwira ntchito imeneyi, tiuzeni: ndi chiyani chimene makasitomala amakukakamizani kuchita inu mukudziwa kuti si chabwino?