Kodi Mpeni wa M'thumba Udalakwanji?

Masiku a makolo mwamuna wamkulu sankatuluka pakhomo wopanda mpeni. Ungakhale ulendo wa kumunda, wa kumsika, wa kumaliro kapena wa kubwalo la milandu, mpeni unkakhala naye, pamodzi ndi fodya wake ndi timakobiri take. Anthu akakhala pamthunzi, wina n'kufika ndi nzimbe, panalibe wofunsa ngati mpeni ulipo. Ankangofunsana kuti wakuthwa ndi wa yani. Lero zatembenuka. Munthu akapempha mpeni pakati pa amuna odikira basi, iwo apisa m'matumba natulutsa makiyi ndi mafoni. Ndipo akapezeka mmodzi woutulutsa, anzake amuyang'ana cham'mbali, ena nasendera patali pang'ono.

Kanthuka n'kakang'ono ndithu, koma chizolowezi cha mibadwo yambiri sichifa popanda chifukwa. Nanga chidachitika n'chiyani kuti chipangizo chimene chinali ulemu wa mwamuna chisanduke chomuchititsa manyazi? Ndipo pochisiya, kodi anthu adangotaya kachitsulo chabe, kapena adatayira pamodzi ndi kanthu kena koposa chitsulo?

Kumene udachokera

Mpeni si mlendo m'dziko muno. Azungu asanafike, osula ankasungunula chitsulo m'ng'anjo, nasula makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mipeni yokhala m'chimake. Mpeni wopinda ndiwo udadza pambuyo, ndi masitolo ndiponso ndi anthu obwera ku ntchito za kunja. Wodziwika koposa kum'mwera kwa Afrika ndi uja wotchedwa Okapi. Udayamba kupangidwa m'chaka cha 1902 ku Solingen, mzinda wa osula mipeni m'dziko la Germany. Eni ake adaupangira misika ya mu Afrika, nautcha dzina la nyama ya m'nkhalango za ku Congo. Unali wotsika mtengo, wosavuta kunola, ndipo unali ndi kamphete kumsana kokoka poutseka. M'chaka cha 1988 ntchito yoipanga idasamukira ku South Africa. Amuna amene ankapita pa Wenela ku migodi ya ku Johannesburg, kapena ku mafamu a ku Rhodesia, pobwerera kwao ankanyamula mabulangete, zovala, ena njinga, ndipo mwa ambiri m'thumba munkakhala mpeni wotere.

Ntchito zake zinali zosawerengeka. Unkasenda chinangwa ndi mbatata. Unkadula luzi pomanga denga kapena nkhokwe. Unkang'amba nsungwi ndi mlaza kwa woluka malichero ndi madengu. Unkasalaza mthiko ndi chipande. Unkasongola zikhomo za msampha ndi pensulo ya mwana wa sukulu. Unkazinga nkhuku mlendo akafika modzidzimutsa. Unkachotsa munga m'phazi la wapaulendo. Woyang'anitsitsa ntchito zimenezi aona kuti zambiri zinali zochitira ena. Papaya limodzi pakati pa anthu asanu ndi mkangano ngati palibe chodulira. Pakakhala mpeni ndi chakudya cha onse. Mwini mpeni ndiye ankagawa, ndipo wogawa waulemu ankatenga pomalizira. Chotero kuyenda ndi mpeni kunali kuyenda wokonzeka kuthandiza.

Zifukwa ziwiri

Mpeni udachoka m'matumba pa zifukwa ziwiri, ndipo ziwirizo sizilingana kulemera kwake.

Choyamba n'chakuti ntchito zake zambiri zidalandidwa. Ku Ulaya kampeni kankafunika kwa yense wodziwa kulemba, pakuti anthu ankalembera nthenga za atsekwe zofuna kusongola kawirikawiri. Koma cha m'ma 1820 mafakitale a ku Birmingham adayamba kupanga zolembera zachitsulo zochuluka, ndipo pang'onopang'ono ntchito imeneyo idatha. Kunonso zinthu zambiri zimafika zodulidwa kale. Nyama ya ku butchala imadza yoduladula, buledi wochekacheka, nzimbe ya pamsika yosenda ndi kuika m'kajumbo, ndipo zitini zambiri zili ndi kamphete kake kotsegulira. Wokhala m'tauni angathe mwezi wathunthu osaufuna mpeni panjira. Chikumbutsa nkhwangwa n'chisanu. Kopanda chisanu nkhwangwa imaiwalika, ndipo pamenepa palibe wochimwa.

Chachiwiri ndi mantha. M'malokeshoni a ku Johannesburg, m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, Okapi yemwe uja adasanduka chida cha anyamata achifwamba otchedwa atsotsi, mpaka dzina lake linkamveka ngati dzina la imfa. Ku Britain lamulo la 1988 lidaletsa kuyenda ndi mpeni pagulu popanda chifukwa chomveka, kupatula wopinda umene chitsulo chake sichipitirira mainchesi 3. Ndipo pa 11 September 2001, zigawenga zitalanda ndege zinayi ku America ndi timipeni tating'ono, maiko ambiri adaletsa okwera ndege kulowa ndi mpeni uliwonse. Kampani ya Victorinox ya ku Switzerland, imene Karl Elsener adaiyambitsa ku Ibach m'chaka cha 1884, ndipo imapanga kampeni kofiira kodziwika pa dziko lonse, idataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malonda ake a mipeni. Inzake ya Wenger idafooka mpaka kugulidwa m'chaka cha 2005. M'chaka cha 2024 eni Victorinox adalengeza kuti ali kukonza chipangizo cha m'thumba chopanda mpeni konse.

Mlandu uli pa yani?

Apa ndipo pagona nkhani. Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira m'chaka cha 1274, pokamba za amisiri adasiyanitsa mitundu iwiri ya zinthu. Pali zinthu zimene munthu sangathe kuzigwiritsa ntchito popanda kuchimwa, ndipo wozipanga achimwa naye. Koma pali zina, monga malupanga ndi mivi, zimene munthu angachite nazo zabwino kapena zoipa, ndipo wozisula alibe mlandu. Mpeni uli m'gulu lachiwiri. Chitsulo chilibe chifuniro, sichikwiya, sichisunga mangawa. Mpeni umene wagawa papaya m'mawa ndi womwewo ungabaye munthu madzulo pa mowa; sudasinthe konse, koma dzanja lougwira lamvera mtima wina.

Tsono wina angati: ngati mpeni ulibe mlandu, malamulo ouletsa ndi olakwa. Iyayi. Plato, wanzeru wa ku Greece amene adakhala zaka mazana angapo Kristu asanabadwe, adapereka chitsanzo ichi. Munthu asungitsa zida zake kwa bwenzi lake ali bwinobwino, ndipo pambuyo pake abwera kudzazitenga atapenga. Zidazo n'zake ndithu, ndipo kubweza chosungitsa ndi chilungamo. Komabe bwenzi lomubwezera nthawi imeneyo silichita chilungamo. Mwini chinthu ali ndi ufulu pa chinthu chake, koma moyo wa mnzake upambana ufulu umenewo. Boma silingathe kuona m'mtima mwa yense wolowa m'ndege, m'sukulu kapena m'nyumba ya mowa. Chifukwa chake limaletsa onse, wabwino ndi woipa yemwe, ndipo wabwino ayenera kumvera mosanyinyirika. Anthu awiri akamenyana ndi nkhonya, mawa nyakwawa iwayanjanitsa. Pakalowa mpeni, mmodzi apita kumanda, wina kundende, ndipo ana a nyumba ziwiri atsala pa umasiye. Ngakhale kumene lamulo silinena kanthu, munthu wodziwa kuti mtima wake ndi wapachala, kapena kuti akamwa sadzigwira, chikumbumtima chake chimuuza kuti asiye mpeni kunyumba.

Zoona ziwirizi adazigwirizanitsa bwino Benedict Woyera, amene adalembera amonke ake malamulo ku Monte Cassino, m'dziko la Italy, asanamwalire cha m'ma 547. Iye adaletsa mmonke kukhala ndi kanthu kakekake; koma m'mutu 55 adalamula mkulu wa nyumba kuti apatse yense zofunika, ndipo pakati pa zovala, singano ndi cholembera adatchulanso mpeni. M'mutu 22 adati amonke agone ovala ndi omanga m'chiuno, kuti akhale okonzeka kudzuka, koma achotse mipeni yao kuopa kudzivulaza m'tulo. Anthu amtendere amene aja, osiya zonse za pansi pano, adapatsidwa mpeni yense wake, chifukwa anali anthu ogwira ntchito ndi odalirika. Nauzidwanso nthawi youchotsa, chifukwa munthu wodalirika yemwe ali ndi maola amene sadziwa chimene dzanja lake lichita.

Chimene chatayika

Nzeru ya makolo a kuno sidasiyane ndi imeneyi. Mnyamata sankapatsidwa mpeni tsiku lililonse. Bambo kapena malume ake ankayamba amuona kuti wakhwima, kuti amabweza chobwereka, kuti samenya ang'ono ake. Pamenepo ankamupatsa, pamodzi ndi malamulo ake. Podula, mpeni uloze kunja, osati kuthupi. Popereka kwa mnzake agwire kuchitsulo, wolandira agwire kumpini. Asaloze nawo munthu, ngakhale pa nthabwala. Autseke asanayambe kuyenda. Aupukute usachite dzimbiri, aunole pamwala, pakuti wobuntha ndiwo umatsetsereka n'kucheka mwini wake. Mnyamata wonyoza malangizowa ankaphunzira ndi chala chake, ndipo chipsera chinkamukumbutsa mpaka ukalamba. Mpeni unali mphunzitsi wosakondera: sunkasamala kuti uyu ndi mwana wa mfumu kapena wa mlendo.

M'sukulu imeneyi mwana ankaphunzira chinthu chachikulu, ndicho kukhala ndi mphamvu yopweteka koma osapweteka. Ankakangana ndi anzake kubusa, mwina kumenyana kumene, mpeni uli m'thumba, ndipo ankadziwa kuti pa ndewu sutuluka. Woutulutsa ankasekedwa kuti ndi wamantha, nalandidwa ndi akulu. Pali kusiyana pakati pa munthu wosavulaza mnzake chifukwa alibe chomuvulazira, ndi munthu amene ali nacho koma adziletsa. Mbuzi yomangidwa pachikhomo siidya chimanga cha eni, koma palibe amene aitama kuti ndi yaulemu. Kudziletsa kumakula ndi kuzolowera, monga dzanja la woluka limakhwima ndi kuluka. Mwana amene sadapatsidwepo kanthu koopsa kuti asunge sangadziwe ngati ali wosungika, ndipo anthu ake sangadziwenso.

Kunena zoona, masiku akale sanali oyera. Anthu ankabayana nthawi imeneyonso, ndipo si yense woyenda ndi mpeni amene anali wanzeru. Ndiponso mpeni sudachoke pakhomo. Amayi sadausiye konse: mpaka lero mtsikana wamng'ono amakhala pambali pa mai ake, nachekera m'manja nkhwani, mpiru ndi tomato, ndipo palibe amene amuopa. Iye amadziwa mpeni ngati chipangizo chodyetsera banja. Amene atayikiridwa ndi anyamata, makamaka a m'tauni. Ambiri a iwo sadaonepo bambo ao akusema kanthu. Mpeni amauona m'kanema ndi pa ndewu za kumowa. Pamene amuna abwino adaleka kuyenda nawo, mpeni wa m'thumba udatsalira anthu a zolinga zoipa, ndipo tanthauzo lake lidasanduka limodzi lokha. Tsono mnyamata wa lero akaufuna, amautenga mobisa, wopanda womuphunzitsa, pofuna kuti anzake amuope kapena poopa anzakewo. Kumeneku ndiko kutayika kwenikweni: lamulo lidachotsa mpeni m'thumba, ndipo lidachita bwino, koma chiphunzitso chimene chinkayenda ndi mpeniwo chidachoka nawo, popanda choikidwa m'malo mwake.

Choyenera kuchita

Palibe chifukwa chodzazanso matumba ndi mipeni. Wokhala m'tauni, woyenda pa ndege, wogwira ntchito ku South Africa kapena ku Britain, atsate malamulo a kumeneko; mwana wa sukulu asalowe nawo m'kalasi. Koma lamulo limalekeza pachipata, ndipo m'kati mwa mpanda udindo ndi wa makolo. M'mera mpoyamba. Bambo kapena malume akhale pansi ndi mnyamata, amupatse nsungwi ang'ambe, mthiko asalaze, nkhuku ya mlendo azinge. Amuonetse kunola, kupereka ndi kutseka. Ndipo amuuze poyera kumene mpeni supita ndi chifukwa chake. Amugawitse papaya pakati pa abale ake, iye atenge pomalizira. Aphunzitsi a m'midzi, pofotokoza lamulo loletsa kupha, akumbutse makolo kuti lamulolo limaphunziridwa ndi manja asanaliloweze ndi pakamwa.

Mwana wotere akadzakula, mwina sadzayenda ndi mpeni tsiku ndi limodzi lomwe. Koma adzagwira zina zoopsa kuposa mpeni: chiwongolero cha galimoto yodzaza anthu, ndalama za eni, mfuti ya boma, chinsinsi cha mnzake. Pamenepo padzaoneka ngati pakhomo pao padapezeka wamkulu amene adamudalira ali wamng'ono, namuphunzitsa kugwira chakuthwa.