Usiku umene anazimitsa foni

Mchemwali wanga wamng'ono analandira mphoto mwezi wathawu. Anakhoza kuposa anzake onse a psychology m'chaka chawo chomaliza ku yunivesite, ndiye kampani ina inawaitanira ku hotela ku City Centre. Satifiketi ya m'fulemu, envelopu ya ndalama, zithunzi ndi mabwana a masuti. Amayi analira. Ine ndinali kumbuyo, foni m'mwamba, kujambula chilichonse.

Pobwerera, mu minibasi ya ku Old Town, mwini mphoto anangoti zii. Titatsika kudepoti ndi pomwe anayankhula.

"Achimwene, usiku woti mawa lake tilemba mayeso omaliza ndinazimitsa foni."

Mnyamata wina wa m'kalasi mwawo anamuimbira kangapo usiku umenewo. Anali atatopa ndi moyo. Foni itakana kulowa, anaimbira mtsikana wina wa m'kalasi momwemo, ndipo uyo anasiya mabuku n'kukakhala naye pakhonde la hositelo mpaka kunja kunacha. Mnyamatayo ali moyo lero. Mtsikanayo analowa m'mayeso ndi maso ofiira, anakhoza inde, koma mwapakatikati.

"Ndiye mundiuze," anatero, "mphotoyi ndi ya ndani?"

Ndinamuyankha mwachangu kuti ndi yake, asadzivutitse. Koma funsolo landikhala pamtima mpaka lero.

Choyamba ndinene chilungamo: sanalakwe. Sankadziwa kuti kuli zotere. Kuzimitsa foni kuti uwerenge si tchimo, ndipo aliyense amene anaphunzirapo ndi ngongole ya boma, kwinaku kunyumba akudikira kuti amalize adzathandize azing'ono ake, akudziwa kuti mayeso si masewera. Ndalama za mu envelopu muja zalipira lendi ya miyezi ingapo. Amene amanyoza mphoto nthawi zambiri ndi anthu oti sanasowepo ya thiransipoti. Ndipo nzeru za m'buku n'zofunika. Munthu wovutika maganizo safuna chifundo chokha, amafunanso womuthandiza wodziwa kusiyanitsa chisoni cha maliro ndi matenda ofunika mankhwala.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene chimandiseketsa. Maphunziro a psychology omwewo ndi amene amakayikira mphoto. Mu 1973, Mark Lepper, David Greene ndi Richard Nisbett anachita kafukufuku ndi ana a sukulu ya mkaka ku America, ana oti ankakonda kale kujambula. Ena anawalonjeza satifiketi akajambula, ena anawapatsa mowadzidzimutsa atamaliza, ena sanawapatse kanthu. Patapita masiku, ana amene analonjezedwa mphoto aja anachepetsa kujambula mwa kufuna kwawo. Enawo chidwi chawo sichinatsike. Chinthu chimene ankachita chifukwa chochikonda chinasanduka ganyu.

Mchemwali wanga kafukufuku ameneyu amamudziwa bwino kuposa ine, poti ndi iye anandifotokozera. Analowa psychology chifukwa ankafuna kumvetsa chimene chinkawachitikira amalume athu, omwe anthu ankangoti awalodza mpaka tsiku lomwe anawatengera ku Zomba Mental Hospital. Chaka choyamba ankandiimbira usiku kundiuza zimene waphunzira. Pofika chaka chachinayi ankangondiuza za malikisi. Sindikuti mphoto inamuwononga ayi. Ndikungoti inamuphunzitsa, pang'onopang'ono, chinthu choyenera kuchiwerengera.

Vuto la mphoto ndi limeneli: imayeza zokhazo zimene zimalembeka papepala. Kumvetsera munthu kwa maola asanu osamudula, osamulalikira, osayang'ana wotchi, palibe mphunzitsi angakupatsire malikisi. Chonsecho ntchito imene ophunzirawa akupitako yagona pomwepo.

Taonani ku Zimbabwe. Dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare: agogo aakazi ophunzitsidwa njira zosavuta zothandizira munthu, okhala pabenchi panja pa chipatala, kumvetsera anthu amene akuvutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri. Zotsatira za kafukufuku wake zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2016, ndipo zinaonetsa kuti anthu ankapezadi bwino. Agogo amenewo alibe digiri. Koma musaiwalenso kuti amene anakonza njirayo n'kuiyesa anali anthu a mabuku. Mutu ndi khutu zimafunana.

Kuno ku Lilongwe kusowa kwake timakuona tonse. Ku Bwaila, pafupi ndi depoti pomwe tinaima paja, kuli mbali yothandiza odwala maganizo. Ku Area 43 kuli St John of God. Koma pakati pa malo amenewa pali mzinda wonse wa anthu osagona tulo. Ena ali pamsika wa Tsoka, katundu sakuyenda, ngongole ikukula. Ena ali kuseri kwa mipanda italiitali ya ku Area 10 ndi Area 12, mlonda pageti, galimoto ziwiri, m'nyumba mulibe womuuza. Onsewa tsiku lina adzaimba foni. Sadzafunsa kuti unali nambala chani m'kalasi. Adzangofuna kuti ilowe.

Ndiye mphoto ichotsedwe? Ine ndikuti ayi. Khama liyamikiridwe, makamaka m'dziko loti maphunziro a zamaganizo anthu ambiri amawaonabe ngati osafunika. Koma wolandirayo adziwe chimene walandira. Satifiketi ija sikunena kuti ndiwe wabwino kuposa anzako. Ikunena kuti unapeza mpata wowerenga, ndipo mpata umenewo nthawi zina anakugulira ndi munthu wina amene anagona pakhonde. Akulu anati kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tianthu. Mphoto ya munthu mmodzi imatha kukuiwalitsa mwambi umenewu. Kwa ine mphoto yotere ndi ngongole, ndipo imabwezedwa kwa anthu oti pamwambo paja panalibe.

Sabata yatha ndinakamuona. Fulemu ija amayi anaipachika pabalaza, pamwamba pa TV. Iye anandiuza kuti anakumana ndi mtsikana uja m'tauni, anamugulira chipisi, ndipo anayesa kumugawira ndalama zina za mu envelopu. Mnzakeyo anakana, akuseka. Anangomufunsa ngati nambala yake ikadali yomwe ija, poti mnyamata uja amafunabe munthu wocheza naye, ndipo iye yekha sangakwanitse.

Anamuuza kuti ndi yomweyo.