Kodi Wolima Kumtunda Ali ndi Mlandu?

Madzi amene anthu a mumzinda wa Mzuzu amatunga pa mipopi amachokera ku damu la Lunyangwa, limene limadzazidwa ndi timitsinje totsika m'nkhalango ya Kaning'ina. Pa kalembera wa 2018 mzindawu unali ndi anthu oposa 220,000.

Tsono pali nthenda ina imene imagwira madamu a m'mayiko otentha, ndiyo kukhuta. Feteleza, ndowe za ziweto ndi zonyansa za m'zimbudzi zili ndi nayitirojeni ndi fosiforasi, zimene zili chakudya cha mbewu. Mvula ikazikokolola kufikira m'damu, zimene zimadya si chimanga ayi, koma ndere. Nderezo zimachuluka, madzi nabiriwira. Zikafa ndi kuwola zimatha mpweya wa m'madzi, nsomba nizifa. Ndere zina zili ndi ululu. Nyanja ya Chivero, imene imamwetsa Harare, yakhala ikulandira zonyansa za mumzindawo kwa zaka zambiri, ndipo mu December 2024 zipembere zinayi zinafa zitamwa madzi ake.

Nanga mlimi amene walima dimba m'mphepete mwa mtsinje, kumtunda kwa damu, ali ndi mlandu? Iye sanafune kuipitsa madzi a munthu. Anafuna kuti ana ake agone atadya. Ndiponso kuyambira 2005 boma lomwe lakhala likugulitsa feteleza wotsika mtengo kwa alimi osauka. Kumudzudzula chifukwa chothira fetelezayo kungakhale kupanda chilungamo.

Komatu madzi saiwala khwawa. Kusadziwa kumachepetsa mlandu wa munthu, koma sikuchepetsa ululu umene wakumunsi adzamwa. Tsiku limene mlimiyo wamva kumene feteleza wake amapita, udindo wamugwera: kukwirira fetelezayo m'nthaka, kusathira pamene chimvula chayandikira, ndi kusiya udzu ndi bango m'mbali mwa mtsinje kuti zisefe madzi. Zoyamba ziwirizo sizimulanda kanthu, pakuti feteleza wokokoloka ndi ndalama yake yotayika. Chachitatucho n'chowawa ndithu, chifukwa nthaka ya m'mphepetemo ndiyo yachinyontho, yobereka ngakhale m'chilimwe.

Apa mpamene wa m'tauni sayenera kusamba m'manja. Ndiye amagula ndiwo za m'dimbamo, nakangana mtengo kufikira mlimi atsala wopanda phindu. Ndiyenso amaphikira makala, osafunsa kumene mtengo unagwa, chonsecho phiri lopanda mitengo silisunga nthaka. Mwa awiriwa, amene ali ndi mpata wosankha ndi wa m'tauni, ndipo mlandu wake ngwolemerapo. Ngati mlimi apemphedwa kusiya mizere ya kumtsinje kuti mzinda umwe madzi abwino, mzindawo uyenera kumubwezera kanthu.

Madzi akaipa, a Northern Region Water Board adzafunika mankhwala ambiri owayeretsera, ndipo mtengo wake udzafika kwa mayi wa ku Chibavi kapena ku Masasa amene amagula madzi ndi ndowa pa mpopi wa anthu onse.