Za Makombo a Madzi

Abale okondedwa a m'chigwa cha Shire, tikumbukire chimene Ambuye anachita atadyetsa khamu lija la zikwi 5. Anthu atakhuta, Iye analamula ophunzira ake atole makombo, ndipo anadzaza mitanga 12, monga tiwerenga pa Yohane 6. Mwini mphamvu yakuchulukitsa mkate sanalola nyenyeswa zitayike. Nanga ife, osakhoza kulenga dontho limodzi la mvula, titayiranji madzi?

Dziko lathu la Chikwawa ndi Nsanje tilidziwa. Madzi akadza, adza ndi ukali, monga mu Januwale 2015, ndi mu Malichi 2023 pa namondwe Freddy. Akachoka, dzuwa lipsereza minda, monga mu 2016 ndi 2024. Mijigo ina ya kuno itulutsa madzi a mchere, kotero kuti amayi ayenda mtunda kufuna okoma.

Koma taonani pa mjigo wa madzi okomawo. Otayika adikha pomwepo, nkhumba zigonamo, udzudzu uswana, ndipo ana adwala malungo. Mphatso yotayidwa isanduka nthenda.

Tichitenji tsono? Tikumbe ngalande yochokera pa mjigo kufikira ku dzenje, patali ndithu ndi potungira. M'dzenjemo tiike miyala ndi mchenga, kuti zinyalala zitsalire m'menemo, ndipo m'mbali mwake tibzale nthochi ndi mapapaya, ndi kutchinga mpanda kuopa mbuzi. Kwathunso madzi osambira ndi otsukira mbale tithire pa tsinde la mtengo wa zipatso tsiku lomwelo, asagone nanunkha.

Komatu tisiyanitse. Madzi awa sali akumwa, ngakhale aoneke oyera, ndipo tisathirire nawo ndiwo zodyedwa zaziwisi. Ochapira matewera ndi zofunda za wodwala m'mimba, malo ake ndi chimbudzi. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, ndipo chigwa chathu sichinapulumuka. Akumwa tiwiritse, kapena tithiremo klorini.

Akulu a mpingo, yambani pa mjigo wa pafupi ndi tchalitchi, kuti mudzi uone nutsate. Mkoko wa nthochi zakupsa m'Okutobala udzathandiza kugula zitsulo mjigo ukathyoka, nudzadyetsa mkazi wamasiye. Mulungu wopatsa mvula atiphunzitse kusunga chimene watipatsa. Amen.